Gitala Yolira Ngakhale Magetsi Atathima

Primrose, Germiston
19 Ogasiti 2007

Okondedwa mayi a Chisa,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Nsungwi, inu ndi mwana wathu Chisangalalo? Chifuwa chija chinamusiya? Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya kuno ilibe ulemu, imalowa mpaka m'mafupa.

Ntchito ndaipeza, Mulungu ndi wamkulu. Ndi pa fakitale ina yopanga mageti ndi mawindo achitsulo. Ena amawotcherera, ine ndimasalaza zitsulozo ndi galainda, makina ogwira pamanja olira ngati nkhumba ikuphedwa. Tilipo angapo mu shedi imodzi ya malata, aliyense ndi galainda yake, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tikaweruka m'makutu mumatsala kaphokoso ngati nyenje za mu Okutobala. Anzanga akuti zimazolowereka. Zotseka m'makutu zilipo, koma amalandira ndi okhala ndi mapepala, enafe timangotsekamo tishu.

Ndikukhala chipinda chimodzi ndi Harun, mwana wa mayi Fatu a ku Biwi, ogulitsa masamusa aja. Iye ndi telala. Ndi munthu wabwino, koma amayankhula chapansipansi ngati ali pamaliro.

Ndatumiza R300 kudzera mwa Idi wa thiransipoti, akupatsani m'makwacha. Muyambe lendi, kenako makala ndi ufa. Yotsala mumugulire Chisa nsapato za kusukulu, za pa kaunjika, zokulirapo pang'ono chifukwa phazi lake ndi langa, silidikira.

Tsopano ndinene chimene chinandichotsa pakhomo, kuti musaganize kuti zitsulozi zandiiwalitsa. Zaka zonsezi ndayimba m'maukwati ndi gitala ya Aubrey, iye n'kumatenga gawo lalikulu chifukwa zida ndi zake. Mukukumbukira ukwati wa ku Area 18 uja, magetsi atathima akwati akulowa mu holo? Gitala ya magetsi inasanduka thabwa m'manja mwanga, anthu n'kumaseka. Kuno ndaona mtundu wina. Ili ndi mimba ngati gitala wamba, imalira yokha popanda waya, koma m'mbali ili ndi kabowo kolumikizira ku ampulifaya. Magetsi akhalepo, athime, nyimbo imangopitirira. Imeneyo ndiyo ndabwerera kuno. Ndikaipeza ndikubwera, ndipo sindidzapemphanso chida kwa munthu.

Mumuuze Mabel mng'ono wanu ndi a Phillip kuti pa ukwati wawo chaka chamawa asavutike kufuna bandi. Alamu awo alipo. Chisa ayambiretu kuphunzira nyimbo yolowera akwati imene ndinamupekera ija. Adzayimba yekha ndi kamawu kake kang'ono kaja, ine ndili pambuyo pake ndi gitala.

Ndine mwamuna wanu,
Gilford


28 Okutobala 2007

Mayi a Chisa,

Kalata yanu ndinalandira. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, ndiponso kuti a landilodi akonza denga mvula isanayambe. Ndinkayesa tidzafa tisanaone tsiku limenelo. Ine ndikudzuka bwino.

Loweruka tikaweruka masana ndimamutenga Harun, kukwera sitima kupita kutauni, n'kuyamba kuzungulira mashopu a zoyimbira. Mukanationa mukanaseka, amuna awiri a nsapato zakutha akugogoda magitala a eni ake ngati akusankha mavwende pamsika. Koma ndi mmene anandiphunzitsira malume anga a Leston, amene ankapanga magitala ndi zigubu za mafuta ku Kawale. Iwo ankati gitala sagula ndi maso. Uyambe waigogoda pamimba ndi chala. Ya thabwa labwino imakuyankha, yoipa imangoti phu ngati katoni yonyowa. Kenako ulize nsambo imodzi n'kuisiya, umvetsere kuti mawu akutenga nthawi yaitali bwanji asanafe. Kenako utsinzine diso limodzi, uyang'ane khosi ngati kalipentala, uone ngati silinapindike. Waya wa magetsi ubwere pomaliza penipeni, chifukwa ampulifaya ndi yabodza, imakweza zabwino ndi zoipa zomwe.

Harun wagwa m'chikondi ndi ina yofiira, yonyezimira, ya R750. Akuti, “Achimwene, imeneyi pa steji ndiye ndi dilu, anthu azingojambula.” Ndinamuuza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iye adziwe za nsalu, za mawu andisiyire. Ina yakuda ndiyo inandikhala bwino m'manja, khosi lake losalala, zala zimangoyenda zokha. Koma R1,600 ndi mtengo wa anthu a mapepala, ndinaibweza pakhoma mwaulemu.

Chondidabwitsa n'chakuti magitala a kuno onse, ngakhale odula, mawu ake ndi otsekeka, ngati munthu akuyimbira m'bulangeti. Nsambo zikuluzikulu zimamveka, koma zing'onozing'ono za pansi zija zilibe moyo. Mwina ndi nyengo ya kuno, thabwa limauma mopitirira. Ndipitiriza kufunafuna, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Foni munandiimbira Lamlungu ija sindinamve kanthu, mawu anu ankangozimiririka. Musamataye ndalama pa matelefoni, muzilemba. Ndatumiza R250. Makuponi a feteleza akatuluka kumudzi, muwathandize amayi.

Gilford


13 Januwale 2008

Okondedwa mayi a Chisa,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu ndi Chisa. Ndikhulupirira malungo amene munanena aja anatha. Ine ndili bwino. Pepani kuti Khirisimasi munadya nokha. Disembala yense tinagwira mpaka Lamlungu, azungu onse amafuna mageti awo asanapite kutchuthi. Galainda inkachoka m'manja pa nthawi ya chakudya yokha.

Koma imvani nkhani yabwino. Ndaipeza.

Ili pa shopu ya pinyolo pafupi ndi siteshoni, komwe anthu amasiya katundu wawo akasowa ndalama. Ndi yakale pang'ono, ya mtundu wa uchi, yokalika pamimba pamene mwini wake ankamenya. Nditailiza yopanda waya sindinamve bwino, khomo la shopuyo lili pamsewu wa mataxi. Ndiye ndinauza wogulitsa kuti ailumikize. Anakweza pang'ono, ndinati akweze, anakwezanso. Kenako ndinapotokola ndekha kabatani ka mawu ang'onoang'ono mpaka kumapeto. Mayi a Chisa, mawu anatuluka. Koyamba chibwerereni kuno ndinamva nsambo zonse, iliyonse payokha, monga ndinkamvera kale. Ndinayimba nyimbo ya Chisa yonse, misozi ili m'maso, osasamala kuti ndili pa anthu.

Ndikudziwa a Leston akanati ndayambira kumapeto, ndathamangira waya. Koma iwo sanagulepo gitala pakati pa mahutala a ku Joni.

Wogulitsayo anakwinya nkhope, makasitomala ena anatuluka. Anthu a kuno sadziwa nyimbo, amangodziwa zogunda za m'mataxi. Harun ankandikoka malaya n'kumang'ung'udza zinazake mbali ya kumanzere kwanga. Ndinamuuza kuti za yofiira ija aiwale, ndalama ndi zanga. Mtengo unali R950. Ndinati R800, mwini shopu anavomera pomwepo osatsutsa, mpaka ndinadandaula kuti bwenzi nditati R700. Ndapereka R300, akundisungira, yotsala ndizipereka pang'onopang'ono.

N'chifukwa chake ulendo uno ndatumiza R150 yokha. Ndikudziwa kuti chimanga chakwera ndipo ino ndi miyezi yowawa. Pirirani, miyezi iwiri yokha. Mukafuna kukwiya mukwiye, koma mukumbukire kuti ukwati umodzi wa Loweruka umaposa zimene ndimapeza pa sabata kuno, ndipo ndizidzagona kwathu.

Chisa akafika pa mawu okwera a kumapeto aja amathawa. Mumuuze apume kaye, kenako akwere, asaope.

Wanu,
Gilford


23 Malichi 2008

Mayi a Chisa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndipo Chisa wakhoza mayeso. Inenso ndili bwino ndithu.

Idi ali ndi pakamwa. Za bandeji wakuuzanizo n'zazing'ono. Kagalimoto konyamula zitsulo kanandikhula mwendo pantchito, basi. Woyendetsa akuti analiza hutala. Mwina analizadi. Kapitawo wandidula malipiro, akuti ndimachita dala kusayankha akamandiitana, akuti Amalawi ndife amwano wachinunu. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Gitala ndinamaliza kulipira, ili m'nyumba. Imagona pabedi, ine kumphepete. Musachite nsanje, mkazi mnzanu ameneyu sadya, sapempha chitenje. Lamlungu lililonse ndimayeserera nyimbo za ukwati, ndabwereka ka ampulifaya kakang'ono kwa mnzanga wa ku Zimbabwe. Mayi wina woyandikana nafe amamenya malata ndi chipande ndikangoyamba, ndimaona khoma likugwedezeka. Harun naye masiku ano Lamlungu masana sakhala pakhomo, akuti ali ndi anzake oti awaone. Zilibe kanthu, kumudzi kuli anthu amene adzavine.

Kutchuna kukunditengera nthawi kuposa kale. Koma ndapeza njira. Ndimakhazika chibwano pamwamba pa mimba yake, mawu amadutsa m'mafupa n'kufika m'mutu. Ndi njira yabwino, ndikudabwa kuti a Leston sanaidziwe. Nyenje zija kale zinkagona pofika Lamlungu, pano sizikugonanso.

Ndatumiza R350. Mulipire lendi ya miyezi iwiri kuti a landilodi atseke pakamwa. Nsalu ya yunifomu ya ukwati mugule inu ndi Chisa, ine suti yanga yakale ikadali bwino, mungoiyanika padzuwa. Ndikaona mmene zikuyendera, ndikwera basi mu Julayi.

Gilford


Ku holo ya tchalitchi, Germiston
8 Juni 2008

Mayi a Chisa,

Ndili moyo. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa ndikudziwa kuti simukugona. Inu muli bwanji? Muwauze mayi Fatu kuti Harun nayenso ali moyo, alibe bala.

Zimene munamva pa wailesi, zoti akuthamangitsa alendo, n'zoona, ndipo zina wailesi sinanene. Linali Lamlungu masana. Ndinali m'chipinda, chibwano pa gitala, msana kukhomo. Akuti anthuwo ankabwera akuyimba, akuliza mawezulo, akumenya malata ndi zibonga, moti aliyense anawamva akadali kutali. Ine sindinamve. Harun anathamanga kuchokera kumsewu, ndipo nthawi inali yoti atulutse chinthu chimodzi chokha, makina ake osokera kapena ine. Anandigwira kolala. Ndinatuluka ndi gitala ndi silipasi imodzi. Mabulangeti, mapoto, makina a Harun, ndalama za basi zimene ndinkasunga, zonse zinatsala, ndipo pamene panali chipinda chathu pano pali phulusa.

Tikugona pansi mu holo muno, anthu ambirimbiri, Amalawi, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe. Akutipatsa buledi ndi supu. Ena anandipempha kuti ndiyimbe, ndinati nsambo zaduka. Zimene ndinaona pamsewu tsiku limenelo sizolemba m'kalata.

Harun akukwera basi zimene zikubweza anthu kumudzi, ndipo ndamupatsa gitala kuti abwere nayo. Kuno ilibenso pogona. Ine nditsala. Fakitale yatsegulanso, ndipo sindingafike pakhomo ndi silipasi imodzi.

Gitalayo ikafika mumasule nsambo pang'ono. Musaiike pansi pa bedi, pamakhala chinyezi. Muikute ndi chitenje, ikhale pamwamba pa wadiropu, kutali ndi mbaula. Aubrey asaigwire. Akafunsa muti makiyi a chikwama cha gitalayo ali ndi ine, ngakhale chikwamacho chilibe loko. Woyamba kuiliza ku Lilongwe ndikhale ine.

Ndalama ulendo uno palibe. Mugulitse wailesi ngati zavuta.

Mwamuna wanu,
Gilford


20 Julayi 2008

Mayi a Chisa,

Moni ndikupereka chifukwa cha mwambo, koma mtima wanga suli bwino. Thupi lili bwino. Ndapeza kachipinda kena pafupi ndi kuntchito.

Ndinati Aubrey asaigwire gitalayo. Mwalemba kuti a Phillip anaumirira, ankafuna amve nyimbo za ukwati wawo. Chabwino, ndi alamu, simukanawakaniza. Koma zimene mwalemba pambuyo pake ndaziwerenga mpaka pepala lafewa. Akuti nsambo ziwiri zing'onozing'ono zikukhudza tizitsulo ta pakhosi, zikulira ngati lata lomasuka pamphepo. Akuti khosi linapindika kalekale. Akuti ikalumikizidwa imabaya m'makutu, moti Chisa anatseka makutu ndi manja. Ndipo inu mwawonjezera ndi dzanja lanu kuti, “Bambo a Chisa, pepani, nanenso ndinamva.”

Inuyo munayamba liti kudziwa magitala? Aubrey ndi wa nsanje, wakhala choncho kuyambira kale. Akudziwa kuti ndikabwera ndi chida changa, gawo lake lalikulu lija latha. Ine ndinayamba kuyimba m'maukwati iye akadali wonyamula masipika. Khutu limeneli ndi limene linkatchuna bandi yonse popanda kachipangizo kotchunira, Amos wa besi ankadikira kuti ndigwedeze mutu ndiye ayambe. Lero mundiuze kuti ndinagula lata? Ndinayenda miyezi yambiri, ndinagogoda magitala a Joni yonse. Ngati pali vuto ndi basi. Ulendo wonse uja, kutentha kwa ku Tete, katundu wa anthu pamwamba pake, thabwa lililonse lingapindike. Loweruka ndipita ku shopu ija, akandiuze okha mmene inalili pochoka m'manja mwawo, ndipo ndidzakulemberani kuti Aubrey achite manyazi.

Za ukwati. Sindibwera. Ndalama za basi sizinakwane, ndipo kuntchito akuti wochoka asabwerenso, pageti pali anthu ambiri odikira malo. Aubrey ayimbe ndi gitala yake ya magetsi, tipemphere kuti asathime. Mabel mumupepese, ndinamulonjeza ndi pakamwa panga. Ndatumiza R200, theka mukafupe pa perekaniperekani m'dzina langa.

Chisa ayimbe ndithu, asaleke chifukwa cha ine. Mupeze munthu ajambule pa kaseti, mumupatse Idi.

Gilford


9 Novembala 2008

Okondedwa mayi a Chisa,

Makalata anu onse ndinalandira. Sindinayankhe, osati chifukwa cha matenda kapena mkazi wina monga akunenera anthu ku Nsungwi. Ndinkasowa poyambira. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Chisa. Ine ndikudya, ndikugona, ndikupita kuntchito.

Ku shopu ija ndinapita, nditakwiya. Wogulitsa uja anandizindikira. Anayankhula, ndinati abwereze. Anabwereza, ndinatinso abwereze. Kenako anazungulira tebulo, n'kuika pakamwa pake pa khutu langa la kumanja. Anati, “Malawi, tinakuuza tsiku lomwelo. Mnzako uja anakuuzanso. Gitala imene ija inakhalitsa pakhoma, aliyense woiyesa ankaibweza chifukwa cha kulira kwa nsambo zija. Ukuganiza kuti abwana anatsitsa mtengo chifukwa chokukonda?” Sanali kunyoza. Ankandiyang'ana ngati mmene timayang'anira munthu wodwala.

Sabata yotsatira ndinapita ku kiliniki. Namwino anandiveka zomvera m'makutu, anati ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Poyamba kunabwera mawu akuluakulu, ndinakweza. Kenako ndinakhala manja ali pamaondo, kudikira kuti apitirize. Anandigwira phewa n'kuchotsa zomverazo. Anali atamaliza. Analemba papepala kuti ndiwerenge. Khutu la kumanzere lapita, la kumanja likutsatira. Mawu ang'onoang'ono ndi amene amayamba kuchoka, ndipo sabwerera, mankhwala ake palibe. Anati ndisiye ntchito ya phokoso. Ndinaseka. Ndisiye, inu mudye chiyani? Nditaonetsa pepalalo kuntchito, kapitawo anatsegula kabati n'kundipatsa zotseka m'makutu, zatsopano, zili m'pulasitiki.

Choncho magitala a ku Joni analibe vuto. Yakuda ija mwina inali yokoma kwambiri, mwina ndi yofiira ya Harun yomwe. Ine ndinasankha yokhayo imene inkakuwa mokwanira kuti indifike. Zimenezi zikundiwawa kuposa mwendo, kuposa chipinda chimene anatentha.

Aubrey mumuuze kuti ananena zoona. Mawu enawo ndabweza. Gitalayo aione, ngati khosi lingawongoke aliwongole, aziyimbira, asalipire kanthu. Ikakanika muipachike pakhoma. Harun mumupatse R200 mwa ndalama ndatumizazi, ayambire kusonkha za makina. Yotsala ndi ya lendi ndi mbewu ya amayi.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Sindikudziwa. Kumeneko anthu amandidziwa ngati woyimba, akandiona azindiitana m'maukwati, ndiye ndiziwayankha chiyani? Kuno ndine wa galainda, ndipo wa galainda safunika makutu.

Kaseti ya ukwati Idi anandipatsa. Ndinabwereka wailesi, ndinakweza mpaka kumapeto, ndinakhazika chibwano pa sipika. Ng'oma ndinazimva. Besi ya Amos ndinaimva, akuthamangabe ngati kale. Pamalo pamene munalemba kuti Chisa akuyambira, ng'oma zinatsika, ndipo ndinadikira. Ndinabweza tepi, ndinadikiranso. Ndinkaiona ikuzungulira.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukhale pansi mundilembere mmene anayimbira. Anayamba msanga kapena anadikira ng'oma? Manja anawaika pati? Pa mawu okwera a kumapeto aja anapuma kaye n'kufika, kapena anathawa? Anthu anatani? Musandikometsere, lembani zonse, pepala lidzaze mbali zonse ziwiri. Maso akadali bwino.

Iyeyo mumuuze kuti adadi amva, akuti anayimba bwino kwambiri.

Ndine wanu,
Gilford